A Ditima ndi Limba Lolonjera Ochedwa

Aliyense amene anapempherapo kutchalitchi chathu cha ku Ilford akudziwa kuti a Ditima, woyimba limba wathu, sankakalipira munthu wochedwa. Ankamupekera nyimbo. Ukangokankha chitseko mapemphero atayamba, ngakhale uchite kunyang'ama ngati mphaka wakuba usipa, limba lija linkasiya zimene likuyimba n'kukulonjera ndi kanyimbo kakokako, kamene munthu wina aliyense mu London monse analibe. Mpingo wonse unkadziwa amene walowa popanda kutembenuza khosi.

Dzina lawo lenileni linali Dietmar Holzapfel, koma ndani wa ife akanalola kuluma lilime Lamulungu lililonse chifukwa cha dzina? Tinangoti a Ditima, iwonso anavomera. Anali Mjeremani wamtali, woonda, wa nsidze zoyera zowirira. Anabadwira m'katauni kena ka ku Thuringia, mwana wa wophika buledi, ndipo ankati kusunga nthawi anaphunzirira pa uvuni wa bambo awo, poti buledi sadikira munthu. Limba anayamba kuyimba miyendo isanafike n'komwe pa zopondera zapansi. Ku England anabwera potsatira mkazi, Mayi Brenda, amene anamwalira ife tisanawadziwe. Zimene anatsala nazo ndi limba la mapaipi la m'tchalitchi chakale cha njerwa zofiira, ndi masutikesi a nyimbo zimene analemba moyo wawo wonse. Zinali nyimbo zikuluzikulu zofuna makwaya awiri ndi malipenga, ndipo sizinayimbidwepo kulikonse, chifukwa nkhalamba zachingerezi za mapemphero a m'mawa sizinkakwana ndi kwaya imodzi yomwe, theka lake n'kukhalanso logontha.

Ndiye tinabwera ife. Amalawi pamodzi ndi abale athu a ku Zimbabwe tinayamba kubwereka tchalitchicho masana. Tsiku loyamba tinafika ndi kiyibodi yathu, ija yokhala ndi ng'oma zake m'kati. A Biswick, mkulu wa mpingo, anangodina batani, gu-gu-tcha, gu-gu-tcha, amayi n'kuyamba kugwedeza mapewa. Tinangomva masitepe a m'mwamba akulira. Kunatsika mzungu atavala tinsapato topyapyala, nayenda mosapupuluma mpaka pakhoma, nazula pulagi.

"Ichi," anatero m'Chingerezi chawo cholemera, akuloza kiyibodi, "ndi chidole. Mulungu si khanda."

A Biswick anayang'ana abusa, abusa anayang'ana denga. Mzungu uja anakweranso, ndipo posakhalitsa pansi panayamba kunjenjemera. Nyimbo yathu yomweyo, imene anangoimva kamodzi, inatuluka m'mapaipi mpaka mazenera kulira. Kuyambira tsiku limenelo a Ditima anakhala woyimba limba wathu. Palibe anawapempha, ndipo palibe analimba mtima kuwachotsa.

Chichewa anachiphunzira m'buku la nyimbo basi, motero ankayankhula ngati mneneri. Pakhomo ankatilonjera kuti, "Moni, ochimwa inu." Akafuna tiyi ankati, "Moyo wanga uli ndi ludzu." Mandasi ankati mana. Tinkawaseka, iwo osadziwa chimene tikuseka, n'kumangotidalitsa.

Chimene chinawazunguza mutu ndi nthawi yathu. Paja ambiri mwa ife ndi manesi ndi osamalira okalamba. Wina handova, kusiyirana odwala kuntchito kuja, yatalika, wina basi yamusiya, wina wagwetsedwa ndi tulo atavala kale suti, ndipo wina, tinene zoona, anangobadwa wochedwa. Pamwamba pa limba panali kagalasi konga ka galimoto, kamene a Ditima ankaonera chitseko ali chofulatira. Miyezi yoyamba nsidze zija zinkangokwera ndi kutsika m'kagalasimo. Kenako anaona kuti nsidze sizikuthandiza, nayamba kupeka.

Woyamba kulandira anali a Biswick omwewo. Iwo ndi munthu amene mimba imalowa kaye, mwini wake n'kutsatira. Atangoponda m'kati, mapaipi aakulu aja anayamba: bo... bo... bo-bo. Akaima, limba limaima. Akafulumira, nalo limafulumira. Sabata yotsatira analowera khomo la m'mbali, nyimbo inawapeza komweko. Sabata inayo anavula nsapato, nawerama kuseri kwa mabenchi, ndipo limba linawatsatira monong'ona, ngati likuwathandiza kubisala.

"Mayi Marjorie, mzunguyu ndi mfiti," anadandaula a Biswick kwa mayi wosunga makiyi a tchalitchi pa nthawi ya tiyi.

"Mfiti ndi alamu yanu imene imalira Lolemba lokha," anawayankha Mayi Marjorie.

Tsitsi, mtsikana wa ku Kadoma amene agogo ake anachokera ku Ntcheu, ankavala nsapato za gogoda, ndiye anapatsidwa timapaipi ting'onoting'ono, ko-ko-ko-ko, ngati nkhuku yojompha chimanga pa malata. Manyazi analibe. Ankayenda ngati akulowa pa ukwati wake, n'kumabayibitsa anthu. Ngakhale abusa athu, a Walter, sanapulumuke. Tsiku lina msewu utatsekedwa analowa nyimbo yoyamba ili pakati, nalandiridwa ndi malipenga achifumu, koma kumapeto kwake kunali kamawu kotsetsereka, konga munthu waulemu wake akaponda khoko la nthochi. Abusa analalikira tsikulo za kulemekeza atsogoleri. A Ditima anamvetsera ulaliki wonse akugwedeza mutu movomereza, ndipo potuluka anawayimbiranso.

Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina. Chinthu chimene chinayamba ngati chilango chinasanduka ulemu. Wobwera kumene kuchokera kumudzi ankafunsidwa kuti, "Mwalandira kale nyimbo?" Ngati sanalandire, ndiye kuti akadali mlendo. Tsitsi anajambula yake n'kuiika pa foni. Ana ankathamangitsana panja akuyimba ya a Biswick, akutulutsa timimba tawo.

Munthu mmodzi yekha analibe nyimbo, ndipo anali Mayi Marjorie.

Mayi Marjorie ndi nesi pa chipatala cha ku Romford, ndipo mpingo wathu unayambira pabalaza pawo. Sanachedwepo chibadwire. Makiyi a tchalitchi ankasunga ndi iwo. Ankafika kulibe munthu, n'kuyala mabuku a nyimbo m'mabenchi, kukonza maluwa, kuteleka madzi a tiyi. M'tchalitchi monse munkakhala iwo ndi a Ditima basi, amene nthawi imeneyo ankakhala m'mwamba akutenthetsa zala ndi kanyimbo kamodzimodzi kozizira. Mayi Marjorie anakamva kambirimbiri mpaka anasiya kukamva, monga munthu amasiyira kumva phokoso la firiji.

Pakamwa ankati zonsezi n'zachibwana. Mumtima zinkawapweteka. Amuna awo anamwalira kalekale, ana anakula n'kupita kwawo, ndipo akawaimbira foni amayankha m'Chingerezi. Mpingo ndiwo unali banja lawo. Ndiye m'banja lakolo, mwana wa dzulodzuloli wotsika ndege kuchokera ku Lilongwe azilonjeredwa ndi mapaipi onse, iwe wonyamula mabuku osalonjeredwa ndi kamluzu komwe? Kupempha sakanatha. Paja amati safunsa anadya phula, koma Mayi Marjorie akanalolera kudya phulalo ndi chisa chomwe kusiyana n'kukwera masitepe kukapempha nyimbo kwa mwamuna.

Motero anaganiza zochedwa.

Ulendo woyamba ananyamuka ku Romford mochedwa, malinga ndi kuona kwawo. Atangofika pa siteshoni, sitima ya Elizabeth line inaima patsogolo pawo n'kutsegula zitseko ngati inachita kutumidwa. Anafika ku Ilford kulibe munthu. Ulendo wachiwiri anasiya sitima nakwera basi ija imene aliyense amaitukwana chifukwa chokwawa. Tsikulo msewu unali mbee, maloboti onse obiriwira, dalaivala akuthamanga ngati waitanidwa ndi apongozi. Anafika msanga kuposa masiku onse. Atasowa pogwira, anamukokera Tsitsi kuseri kwa khitchini.

"Iwe, tandiphunzitse kuchedwa."

"Anti, mwati chani?"

"Wamva. Umachita bwanji?"

"Aa, ndi gift imeneyo, anti, mphatso yobadwa nayo. Koma chabwino. Muvale diresi, mudziyang'ane, muvule. Muvale ina. Kenako muimbe foni kumudzi, mufunse za maliro onse. Mukafika pa geti mukumbuke kuti mwaiwala Baibulo."

Mayi Marjorie anachita zonsezi mwadongosolo, chimodzi pambuyo pa chinzake, namaliza nthawi ikadalipo yambiri, mpaka anakolopa m'nyumba.

Pamapeto pake anangoti zivute zitani. Anasiya makiyi kwa abusa, navala nsapato zatsopano, nakaima pa siteji ya basi yoyang'anana ndi tchalitchi, mvula yowaza ili tsotsotso. Anaona anthu akulowa mmodzimmodzi. Ankangoganiza kuti mabuku palibe wayala, madzi palibe wateleka. Anapirira. Tsitsi analowa. Anapirirabe mpaka mimba ya a Biswick inakhota pakona n'kulowa, mwini wake pambuyo. Apo ndipo anawoloka msewu, nakankha chitseko, nayenda pakati penipeni, khosi lili njo.

Limba linangopitiriza nyimbo ya mpingo.

Anatsokomola. Palibe chinachitika. Anabwerera panja, natseka chitseko, nalowanso, poganiza kuti mwina kagalasi kanachita nthunzi. Anthu anatembenuka, a Biswick anasuntha kuti awapatse malo, koma limba silinawadziwe. Mapemphero atatha, Mayi Marjorie anakwera masitepe aja, nsapato zatsopano zikuwaluma.

"A Ditima, lero ndachedwa."

"Nein. Ayi."

"Mpingo wonse waona!"

"Frau Marjorie, pano pali zenera." Analoza kazenera koyang'ana kumsewu. "Ndinakuonani. Basi yabwera, basi yapita. Ina yabwera, yapita. Inu chiimire. Kumeneko si kuchedwa. Ndi bodza lovala nsapato zatsopano. Ine bodza sindilipekera nyimbo." Anavula tinsapato tawo toyimbira natiika bwinobwino m'kathumba. "Ndipo chifukwa cha inu, lero sindinatenthetse zala."

Mayi Marjorie anatsika ali piringupiringu ndi mkwiyo. Zala za a Ditima zikuwakhudza chiyani iwo? Kuyambira tsikulo anasiya kukweza tiyi m'mwamba. Moyo wa a Ditima unkachita kutsika wokha ukamva ludzu. Kufika msanga kokha sanasiye, poti sakanatha. Mabuku ankawamenyetsa pa mabenchi kuti wam'mwambayo amve, wam'mwambayo n'kumangopitiriza kanyimbo kake kozizira kaja.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho masitepe anayamba kuwakanika a Ditima. Ankakwera akupumira panjira, koma kuthandizidwa ankakana. Lamulungu lina Mayi Marjorie anatsegula chitseko, m'mwamba muli zii. Kiyibodi inatulutsidwa m'kabati. Ochedwa ankalowa n'kuima kaye pakhomo, kudikira, kenako n'kupita kukakhala ali ndwii ngati afika pakhomo pa eni n'kupeza palibe wowalandira katundu.

A Ditima anagonekedwa pa chipatala chomwecho chimene Mayi Marjorie amagwira ntchito, wodi ina. Mtima unali utatopa. Koma khalidwe silinatope. Manja ankayimba pa bulangeti, mapazi akuponda zopondera zosaoneka. A Biswick anafika nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kutha, monga mwa nthawi zonse, ndipo asanatsegule n'komwe katani, pabedi panamveka mawu ofooka: bo... bo... bo-bo. Manesi anaseka mpaka kugwira makoma. A Biswick nawo anaseka, kenako anatuluka kukapukuta m'maso.

Mayi Marjorie ankapitako pa nthawi yawo yopuma masana. Ankati sanakhululuke ayi, akungokaona ngati munthuyo akudya. Tsiku lina ali kukonza mapilo, kuthira madzi m'kapu, kulongosola timabotolo pa kabati, a Ditima anatsegula diso limodzi.

"Mukuthamanga."

"Ndikuthamanga kupita kuti?"

"Mukuithamangitsa. Langsam. Pang'onopang'ono. Munthu angawononge bwanji nyimbo yake yomwe?"

Apo m'pamene Mayi Marjorie anazindikira kuti nthawi yonseyi ankang'ung'udza. Ndipo chimene ankang'ung'udzacho chinali kanyimbo kozizira kaja.

"Yanga? Iyi si yotenthetsera zala?"

"Zala zanga zinatentha amayi anu asanakwatiwe." Anatukula dzanja nayamba kuyimba pa bulangeti. "Apa kiyi walowa pachitseko. Apa mukuyala mabuku, ta, ta, ta. Apa mukukalipira maluwa. Apa mwaima, mwayang'ana wotchi, mwausa moyo chifukwa cha ochimwa amene sanafike. Ochedwa ndinkawapatsa tizidutswa, poti alibe nthawi. Yathunthu ndi yanu. Ndani wina akanaimva? Munali inu nokha."

Mayi Marjorie anakhala pampando mosayembekezera. Zaka zonsezo! Ankalonjeredwa Lamulungu lililonse, kuyambira pachitseko mpaka madzi kuwira, iwo n'kumachitira nsanje ko-ko-ko wa Tsitsi.

"Bwanji simunandiuze?"

"Bwanji simunafunse?"

Mayi Marjorie anafuna kukalipa, koma misozi inatsogola. Analira pamenepo, nesi wamkulu ndi yunifolomu yake, a Ditima akuwasisita dzanja n'kumati, "Musalire, wochimwa inu." Misozi itaphwa anawakalipira chifukwa chosamaliza supu, nawamwetsa yotsalayo, nawauza kuti ayimbenso malo a maluwa aja. Anayimba, nabwereza. Kenako a Ditima anayang'ana wotchi ya pakhoma, nsidze zija n'kukwera pang'onopang'ono.

"Frau Marjorie. Nthawi yanu yopuma inatha kalekale. Mwachedwa." Anamwetulira. "Lero ndi zoona."

Anamwalira maluwa atangoyamba kuphuka m'mapaki.

Tsiku la maliro kunachitika chozizwitsa chimene Ilford sanachionepo. Mayi Marjorie pofika ndi makiyi anapeza mpingo wonse uli kale pakhomo. A Biswick anali kutsogolo, tayi ili m'thumba. Tsitsi anajambula nsidze imodzi yokha. Nkhalamba zachingerezi zinafika n'kupeza mabenchi odzaza, zinabwerera panja kukaona ngati zalowa tchalitchi cholakwika. Limba palibe analimba mtima kulikhudza. Tinsapato taja tinaikidwa pa benchi yake.

Tinakhala, tinadikira. Nthawi inakwana, inapitirira. Abusa a Walter anatuluka kukaimba foni, nabwerera nkhope ikugwedera.

"Abale, galimoto ya maliro yatsekeredwa. Akukumba msewu." Anayang'ana wotchi. "A Ditima achedwa."

Kumbuyo wina anaphulika. Kuseka kunayenda benchi ndi benchi, anthu atabisa nkhope m'mipango, osadziwikanso amene akuseka ndi amene akulira. Pomaliza chitseko chinatseguka, bokosi linaonekera pa mapewa a anthu, ndipo tchalitchi chonse chinati zii. Aliyense anamva chimene chikusowa. Munthu amene analonjera ochedwa onse anali kulowa mochedwa popanda womulonjera.

Mayi Marjorie anaimirira. Si munthu wa kwaya. Anayamba kung'ung'udza, pang'onopang'ono, kuyambira pa kiyi. Anthu anayang'anana, poti nyimboyo panalibe anaimvapo. Atafika pa mabuku, a Biswick, amene sankadziwa china chilichonse choti angapereke, anayamba yawo chapansipansi: bo... bo... bo-bo. Inalowa ndendende pansi pa ya Mayi Marjorie ngati chivundikiro pa poto wake. Tsitsi anaika ko-ko-ko wake pamwamba, nayenso anakwana. Wina analowa, winanso analowa, aliyense ndi kachidutswa kake, mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo panalibe kamene kanagunda kanzake. Nkhalamba ija inatisoka tonse pa nsalu imodzi ife osadziwa. Malipenga a abusa anafika bokosi likuikidwa kutsogolo, ndipo kamawu kotsetsereka kaja kanagwera pamalo pa Ameni.

Makwaya awiri ndi malipenga amene a Ditima anawafuna moyo wawo wonse anawapeza tsiku limenelo. Kungoti mwini wake anafika mochedwa, anangomvako ali pakhomo.

Masiku ano limba linaphimbidwa ndi nsalu, ndipo gu-gu-tcha anabwerera pampando. Kuchedwa sitinasiye, tisanamizane. Koma kunatha kukoma. Umalowa, palibe chikudziwa kuti walowa, umakhala pansi basi. Obwera kumene amadabwa poona akuluakulu akuima kaye pakhomo n'kuyang'ana m'mwamba, ndipo tikawafotokozera amaseka mwaulemu, poti nkhani ya nyimbo sikoma kwa amene alibe yake. Pa tiyi palibenso wotitchula ochimwa, ndipo tikusowa mawuwo kuposa mmene tinkaganizira.

Mayi Marjorie amafikabe kulibe munthu. Amalowetsa kiyi, amakankha chitseko, amaima pang'ono. M'mwamba mumakhala zii. Kenako amatenga mabuku pamkono n'kuyamba okha, ndipo sathamanga.